Tayala lofewa ndilo limabooka msanga

M'magulu a pa WhatsApp mumabwerabwera uthenga wakuti mukachepetsa mpweya m'tayala la njinga, chubu sichibooka. Abale, zimenezi n'zabodza. Tayala lofewa likagunda mwala kapena dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Akabaza ndi onyamula matumba a makala amazidziwa bwino izi.

Popani kufikira mlingo wolembedwa m'mbali mwa tayalalo, osapitirira. Likaphwa, tulutsani chubu, muchipope pang'ono n'kuchiviika m'beseni la madzi. Pomwe pakutuluka thovu ndi pobookapo. Mukapeza timabowo tiwiri, ndiye kuti mpweya unachepa. Kakakhala kamodzi, papasani mkati mwa tayala mosamala musanamate, mwina munga udakalimo.

Mukaulandiranso uthengawo, chonde musautumize kwa ena.