Musaipeputse Ice Age Trail poti ilibe mapiri

Ndatopa kumva mawu akuti "ku Wisconsin kulibe mapiri, n'kungoyenda basi." Onena zimenezi nthawi zambiri ndi anzathu amene anakwerapo Sapitwa. Akamva kuti Timms Hill, malo okwera kwambiri m'chigawo chonse cha Wisconsin ku America, safika ndi mamita 600 omwe, amangoponya juzi imodzi m'chikwama, ulendo. Ine ndimaphunzitsa thandizo loyamba kwa anthu oyenda m'tchire, ndipo chimene ndimaopa panjira yoyenda pansi ya Ice Age Trail kuyambira Okutobala ndi kunyowa.

Ice Age Trail ndi yaitali makilomita pafupifupi 1,900, kuchokera ku Interstate State Park m'mbali mwa mtsinje wa St. Croix mpaka ku Potawatomi State Park ku Sturgeon Bay. Ambiri amaiyenda mwapang'onopang'ono, chigawo china Loweruka lino, china mwezi wamawa. Imatsata malire a madzi oundana amene anakuta derali zaka zoposa 10,000 zapitazo. Atasungunuka anasiya zitunda za miyala ndi mchenga, mizere yokhotakhota ngati Parnell Esker, ndi maenje ozungulira odzaza madzi. Choncho m'nkhalango ya Kettle Moraine, momwe njirayi imadutsa, mumangokwera, kutsika, kukweranso, thukuta kamukamu. Malaya a thonje amamwa thukutalo ndipo sauma. Mukangoima kuti mudye, mphepo imakupezani muli onyowa.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe. Bambo wina, mu Novembala, anaponda m'dambo lobisika ndi masamba oyoyoka n'kutitimira mpaka m'mawondo. Anapitiriza ulendo ndi buluku lonyowa. Atayamba kunjenjemera, anzake anamupatsa wiski kuti atenthedwe. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu: munthu amamva ngati wafunda pomwe kutentha kwa m'kati kukuthawa. Patapita nthawi kunjenjemera kunasiya, anzakewo mitima pansi, amvekere wachira. Pomwepo ndiye panali poipa! Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera asanafundidwe, ndiye kuti thupi lagonja. Anali akulankhula mokoka lilime, akupunthwa, zala zikukanika kukoka zipi ya jekete, iwo n'kumati ndi mowa uja. Anadzaimba 911, nambala ya zadzidzidzi ku America, mdima utagwa kale, poti miyezi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ndi theka. Anapulumuka, koma opulumutsa anamufufuza ndi matochi n'kumunyamula pamachira, pomwe masana akanatuluka ndi miyendo yake.

Anthu amene aja sanali opusa, anangomvera malangizo a pamowa ndi a pa Facebook. Ena amakuuzani kuti zala zikauma ndi chisanu muzipake chipale chofewa kapena muzitikite mwamphamvu. Musayerekeze, mumawononga mnofu. Musaziyandikizenso pamoto, chifukwa khungu lochita dzanzi limapsa mwiniwake osamva. Wozizidwa muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumugoneke pa chinthu chomutchinga ku nthaka, mumufunditse ndi mutu womwe. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni chakumwa chofunda cha shuga. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35 vuto layamba kale, koma simufunika choyezera. Akangoyamba kusokonezeka mutu, imbani 911 nthawi yomweyo, musati tione kaye. Ndipo dziwani kuti m'nkhalango za kumpoto foni imatha kusowa netiweki, ndiye uzani munthu kunyumba chigawo chimene mukuyenda ndi ola lobwerera.

Maiwe a m'maenje aja akaundana mu Disembala amakopa anthu kudulirapo njira. Ayezi wosakwana masentimita 10, kapena wokutidwa ndi chipale moti simukumuona, musamuponde, zungulirani. Kumapeto kwa Novembala kulinso masiku 9 osaka agwape ndi mfuti, kuyambira Loweruka lomaliza lisanafike tsiku la Thanksgiving, tchuthi cha ku America. Zigawo zina zimatsekedwa masiku amenewo, ndipo m'zotsegula valani chipewa ndi jekete ya olenji wowala kuti alenje akuoneni muli patali.