Achule a m'phiri akhoza kutha ngakhale a m'dambo akulira

Kuno ku Nkhotakota mvula ikangogwa, m'minda ya mpunga achule amalira usiku wonse. Ndiye ukanena kuti kuli chule amene watsala pang'ono kutheratu, anthu amaseka: "Achule n'kutha? Nanga awa akutisowetsa tulowa?" Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Achule si mtundu umodzi. Wa m'dambo amaikira mazira ambirimbiri m'chithaphwi chilichonse. Wa pamwamba pa phiri kwawo n'kumodzi basi, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno sangakupirire. Pa phiri la Mulanje pali kachule kotchedwa Nothophryne broadleyi, kamene ana ake amakulira pathanthwe lonyowa, m'timadzi tongoyenderera pamwala. Moto wolusa ukapsereza udzu, mitengo n'kudulidwa, thanthwelo limauma ndipo anawo amafera pomwepo. Kothawira kulibe.

Zinachitikapo kale ku Tanzania, ndipo zimandiwawa ndikaziganizira. M'mapiri a Udzungwa munali kachule kokhala m'nkhungu ya madzi a pa mathithi a Kihansi pokha, kobereka ana amoyo m'malo moikira mazira. Atamanga damu la magetsi, madzi a pamathithi anachepa kwambiri ndipo nkhunguyo inazilala. Kenako kunabwera matenda a pakhungu otchedwa chytrid, oopsa zedi chifukwa chule amamwa ndi kupumira pakhungu. Mu 2009 kanalengezedwa kuti m'tchire katha. Kanapulumukira kumalo osungira nyama a Bronx ndi Toledo ku America, kumene anali atatengerako tina pasadakhale.