ERP inayambira ku stores, pa funso loti tiode zingati

Amene munagwirapo ntchito pa kampani yokulirapo mawu aja oti "sizili mu system" mukuwadziwa. Katundu mukumuona ndi maso ali pa shelefu, kasitomala waima ndalama zili m'manja, koma wa ku stores akukana kutulutsa poti pa kompyuta pakuonetsa ziro. System imeneyo nthawi zambiri imakhala ERP, pulogalamu imodzi yomwe yamanga pamodzi sitoko, maakaunti, malipiro a antchito, kugula ndi kugulitsa. Ndipotu mbiri yake inayambira komweko ku stores.

Vuto la eni mafakitale linali loti tiode zingati komanso liti. Ukaoda zambiri ndalama zimangogona mu weyahausi, ukaoda zochepa makina amaima anthu nkumangoothera dzuwa. Mu 1913 Ford Whitman Harris analemba masamu owerengera mulingo wabwino wooda, koma chinthu chokhala ndi zipangizo zambirimbiri masamu apamanja sankakwana. Tangoganizani, tebulo limodzi likufuna miyendo 4 ndi masikuluwu 16, ndiye mwalandira oda ya matebulo 500, apo ndi miyendo 2,000 ndi masikuluwu 8,000, muchotserepo zomwe zilipo kale, kenako muwerenge masiku chobwerera m'mbuyo kuti wogulitsa masikuluwu amatenga nthawi yaitali bwanji kubweretsa. Limenelo ndi tebulo chabe, nanga thirakitala? Mzaka za m'ma 1960 ku America ntchito imeneyi anaipatsa kompyuta nkuitcha MRP. Dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Joseph Orlicky wa ku IBM, ndipo Black & Decker inali m'gulu la makampani oyambirira kuigwiritsa ntchito mu 1964. Pofika m'ma 1980 Oliver Wight ndi anzake anawonjezerapo za makina, antchito ndi ndalama, ikhala MRP II.

Koma gawo lomwe limandigwira mtima ine ndi la ku Germany. Mu 1972 anthu asanu anasiya ntchito ku IBM, Dietmar Hopp, Hasso Plattner, Klaus Tschira, Hans-Werner Hector ndi Claus Wellenreuther, nkuyambitsa kampani yomwe lero timaidziwa kuti SAP. Kompyuta yawoyawo analibe. Kasitomala wawo woyamba inali fakitale ya ulusi wa nayiloni ya ICI ku Östringen, ndiye ankagwiritsa ntchito kompyuta ya fakitaleyo makamaka usiku eni ake akaweruka. Nthawi imeneyo ziwerengero zinkasonkhanitsidwa kaye, nkuzilowetsa zonse pakamodzi, zotsatira muziona mawa kapena kumapeto kwa sabata. Iwowa anati ayi, kalaliki akalemba invoyisi pa sikirini, sitoko itsike pompopompo, buku la ngongole lisinthe pompopompo, wa maakaunti aone nambala yomweyo imene wa ku stores akuona. Chilembo R chomwe chili pa mayina a mapulogalamu a SAP, R/2 ya 1979 ndi R/3 ya 1992, chikuimira zimenezo, real time. Dzina loti ERP linachita kubwera pambuyo, a Gartner, kampani yofufuza za makompyuta, ndi amene analitchukitsa mu 1990, ntchito ili mkati kalekale.

M'ma 1990 ndiye munali chipwirikiti. R/3 sinkafunanso chimakina chachikulu cha mainframe, inkayenda pa maseva, komanso mantha a Y2K oti mapulogalamu akale asokonezeka ikakwana 2000 anathamangitsa makampani ambiri kukagula zatsopano. Makampani ena opanga ERP monga Oracle, Baan ya ku Netherlands, PeopleSoft, JD Edwards onse anadyapo. Kenako anayamba kumezana, PeopleSoft inagula JD Edwards mu 2003, Oracle nkudzameza PeopleSoft yomweyo.

Apa mpamene anthu anaphunzira mowawa kuti kugula ERP sikufanana ndi kugula fotokope. Pulogalamuyi imabwera ndi kachitidwe kakekake ka ntchito, ndiye pali ziwiri, kampani isinthe machitidwe ake kapena mulipire akatswiri asinthe pulogalamuyo, zonse ndi zodula. Hershey, kampani ya chokoleti ya ku America, inayatsa system yatsopano mu 1999 mothamanga, nyengo ya Halloween yomwe amagulitsa kwambiri ili pafupi, mapeto ake maoda a pafupifupi madola 100 miliyoni sanafike kwa ogula chokoleti chili mbwee mu weyahausi. Lidl, kampani ya masupamaketi ya ku Germany, inalimbana ndi pulogalamu ya SAP zaka pafupifupi 7 nkuisiya mu 2018 itamwaza mayuro pafupifupi 500 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zomwe zinavuta ndi kanthu kooneka kochepa, iwo sitoko yawo amaiwerengera pa mtengo woodera pomwe pulogalamuyo inkawerengera pa mtengo wogulitsira, sanafune kusintha.

Za cloud, zomagwiritsa ntchito pulogalamu kudzera pa intaneti osati pa maseva anu, zinayamba kale ndithu, NetSuite inayamba mu 1998 kupereka maakaunti kudzera pa intaneti ndipo Oracle inaigula mu 2016, SAP nayo inatulutsa ERP yake yatsopano yotchedwa S/4HANA mu 2015. Pano ngakhale kampani yaing'ono itha kulipira pamwezi osagula seva.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo ngakhale dzina loti ERP sitilitchula kawirikawiri, timati IFMIS. Boma la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yomangidwa pa pulogalamu ya Epicor mu 2005 kuti malipiro a boma azidutsa pamalo amodzi. Mu 2013 Cashgate itaphulika zinadziwika kuti anthu ena ankalowa mu system, nkulipira makampani omwe sanapereke katundu aliyense, kenako nkufufuta zomwe alembazo. Zimandipweteka chifukwa maganizo a anthu asanu aja anali oti nambala ikhale imodzi aliyense aione, koma pamenepa omwe anali ndi mapasiwedi ndi omwewo ankaizimitsa, ndalama zoti zikagule mankhwala m'zipatala nkumapezeka m'mabuti a galimoto. Boma linadzasamukira ku IFMIS yatsopano ya SAP kuyambira mu 2020, ya kampani yomwe ija inayambira usiku mu fakitale ya nayiloni ku Östringen.