Nsanja za mafoni sizimanga mvula

Mvula ikangochedwa pang'ono kuno ku Mzuzu, mumva m'minibasi ya ku Chibavi wina akuti nsanja za wailesi ndi mafoni ndizo zikubalalitsa mitambo. Limenelo ndi bodza. Nsanja imangonyamula zida zotumiza ndi kulandira mauthenga, ndipo amaitalikitsa kuti mapiri ndi nyumba zisatchinge. Mafunde akewo alibe mphamvu yosuntha mtambo.

Ku Poland kunali nsanja ya wailesi yotalika mamita 646, imene inagwa mu 1991 akusintha zingwe zoigwirira. Zaka zonse inali chilili, mvula inkagwabe. Ndiye zathu zazifupizi zingaimange bwanji?

Magetsi ofiira amayaka usiku pansanjazi aja si makamera ayi, monga ena amaganizira. Amachenjeza oyendetsa ndege, paja bwalo lathu la ndege lili m'tauni momwemu.