Laibulale yotulutsira mawu: yambani n'kudziwa ntchito ya pulogalamu yanu

Wogwiritsa foni amangodina batani nyimbo n'kuyamba kulira. Kwa wolemba pulogalamuyo, pamenepo ndiye pamawawitsa mutu, chifukwa makina aliwonse ali ndi njira yakeyake yolankhulirana ndi sipika. Windows ili ndi WASAPI, makina a Apple ali ndi Core Audio, Linux ili ndi ALSA komanso PulseAudio kapena PipeWire pamwamba pake. Android ili ndi AAudio, yomwe idabwera ndi Android 8 mu 2017, kuphatikizapo OpenSL ES yakale ija. Kulembera njira iliyonse payokha n'kutaya nthawi, n'chifukwa chake timatenga laibulale, kutanthauza code yomwe ena analemba kale yoti tilumikize ku pulogalamu yathu, kuti iyo izikambirana ndi makinawo.

Musanatsitse iliyonse, dzifunseni: mawuwo ndi aatali omvera mofatsa, kapena ndi oti amveke pomwepo munthu akangokhudza sikirini?

Ngati mukupanga pulogalamu ya wailesi, maulaliki kapena maphunziro ojambulidwa, musadzivute ndi malaibulale olowa mkati mwa makina. Tengani chomwe eni makinawo anakonza: ExoPlayer ya mu Media3 pa Android, AVPlayer pa iPhone. Olemba ndi Flutter, chida cholembera pulogalamu imodzi yoyenda pa Android ndi iPhone pomwe, ali ndi just_audio, yomwe imadalira ziwirizi. Zimenezi zimadziwa kukoka mawu pa intaneti pang'onopang'ono, ndipo zimakupeputsirani ntchito yoti mawu ayime foni ikalowa kapena apitirire sikirini itazima. Ambiri amasochera pomwepa, amathamangira chida cha opanga magemu pomwe akungofuna kuti ulaliki umveke bwino netiweki ikuvuta.

Magemu ndi zoimbira ngati piyano ya pa foni ndi nkhani ina. Makina ambiri amatumiza tizidutswa ta mawu 48,000 pa sekondi iliyonse, ndipo amatenga mawuwo m'timagulu totchedwa buffer. Buffer ya tizidutswa 480 imatha m'mamilisekondi 10 basi. Zili ngati kuchigayo: mothiramo chimanga mukangouma, chigayo chimalira chopanda kanthu. Pulogalamu ikachedwa kudzaza buffer, womvera amamva kuthetheka m'makutu. Mukaikulitsa, kuthetheka kumatha koma mawu amabwera mochedwa. Choncho m'kachigawo kodzaza buffer, komwe timakatcha callback, musamawerengemo fayilo, musamapemphemo memory yatsopano, musamadikiriremo china chilichonse. Laibulale ngakhale ikhale yabwino bwanji singakupulumutseni mukaphwanya lamuloli.

Pa ntchito yotereyi ine ndimayambira miniaudio ya David Reid. Ndi yaing'ono, yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha C, imayenda pa Windows, macOS, Linux, Android, iOS ngakhale mu browser, ndipo imatsegula yokha mafayilo a WAV, FLAC ndi MP3. Chilolezo chake sichikupanikizani. PortAudio ya Ross Bencina ndi Phil Burk ndi yodalirika pa makompyuta, ndiyo imene pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu ya Audacity imagwiritsa ntchito, koma siwerenga mafayilo, mumayenera kuipezera china chomasulira MP3, ndipo kwawo si pa foni. SDL, yomwe Sam Lantinga adatulutsa koyamba mu 1998, ndi yoyenera ngati gemu yanu ikuigwiritsa kale ntchito pa zithunzi ndi mabatani. Wolembera Android yokha atenge Oboe ya Google, imene imasankha yokha pakati pa AAudio ndi OpenSL ES malinga ndi mtundu wa Android womwe uli pa foniyo.

Chilolezo chiwerengeni musanalembe mzere umodzi. FMOD ndi Wwise ndi zida za mawu zamphamvu, makampani akuluakulu a magemu amazikonda, koma ndi zamalonda ndipo zili ndi malire a amene angazigwiritse ntchito ulere. Laibulale ya OpenAL Soft ili pa chilolezo cha LGPL, chomwe chili ndi malamulo ake a kalumikizidwe ku pulogalamu yanu. Kumbali ya mitundu ya mafayilo a mawu, MP3 idamasuka, ma patent ake (ufulu wa eni ake wolipiritsa) adatha mu 2017. Ngati mawu anu ndi olankhula chabe, ganizirani mafayilo a mtundu wa Opus, yomwe WhatsApp imagwiritsa ntchito pa ma voice note. Imadya bandulo pang'ono, kungoti miniaudio imafuna muilumikizire chomasulira chake.

Mukasankha, lembani kapulogalamu kakang'ono kongoliza mawu amodzi, mukayese pa itel kapena Tecno yotchipa, osati pa laputopu yanu yokha. Zulani mahedifoni mawu ali mkati, lumikizani sipika ya Bluetooth, muuze mnzanu akuimbireni foni, muone ngati mawuwo ayambiranso akadula.