Modern pentathlon ya amuna: amapambana ndi amene sanagwe pena paliponse

Munthu mmodzi yemweyo amenyane ndi lupanga, asambire, akwere hatchi, awombere mfuti, athamange, koma mendulo yoti alimbirane ndi imodzi basi. Imeneyo ndiye modern pentathlon momwe inalili mpaka 2024, ndipo anthu ambiri akaiona pa Olympics funso lawo limakhala lomwelo, kuti zinthu zimenezi zikugwirizana pati? Zimagwirizana pa msilikali. Pierre de Coubertin, amene anadzutsanso ma Olympics amakono, ankaganiza za ofesala wa nkhondo yemwe wapezeka kudera la adani ndipo akuyenera kukafikitsa uthenga kwa anzake, ndiye akwera hatchi iliyonse imene waipeza, adziteteza ndi mfuti ndi lupanga, awoloka mtsinje mosambira, kotsalako amaliza ndi miyendo. Anaiyika pa masewero a ku Stockholm mu 1912, wopambana anali Gösta Lilliehöök wa ku Sweden, ndipo wa nambala 5 anali msilikali wachinyamata wa ku America dzina lake George Patton, yemwe uja anadzatchuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kwa zaka zambiri opambana anali asilikali okhaokha, mpaka Lars Hall wa ku Sweden, kalipentala, anadzatenga golide mu 1952 nkubwerezanso mu 1956.

Tsono chimene ife ophunzitsa masewero timafuna anthu amvetse ndi kawerengedwe ka mapointi, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Gawo lililonse limasanduka mapointi. Kusambira, mpaka pa Olympics ya ku Paris mu 2024, kunali mamita 200, ukamaliza mu mphindi 2 ndi masekondi 30 wapeza 250, ukachita changu kuposa pamenepo amakuwonjezera, ukachedwa amakudula. Ku fencing, kumenyana ndi lupanga kuja, momwe zinkayendera mpaka ku Paris, aliyense amakumana ndi aliyense, anthu 36 ndiye kuti ndewu 35, ndipo iliyonse imatha ndi kukhudza kumodzi kokha mkati mwa mphindi imodzi, ikatha mphindiyo palibe wakhudza mnzake nonse awiri mwaluza. Wopambana ndewu 70 pa 100 aliwonse ndiye amapeza 250. Pa hatchi, mpaka 2024, unkayamba ndi 300, ukagwetsa mtengo wolumpha akuchotsera 7, hatchi ikakana kulumpha 10 zapita.

Mapointi onsewa akaphatikizidwa amawasandutsa nthawi, pointi imodzi sekondi imodzi. Ndiye pa gawo lomaliza wotsogola amanyamuka yekha, amene watsalira ndi mapointi 12 amadikira masekondi 12 kenako nkumuthamangira, choncho mpaka womaliza. Ubwino wake ndi woti iwe woonera sufunika kalikuleta, amene wayamba kudutsa mzere ndi amene watenga golide, basi.

Gawo lomalizali amalitcha laser run ndipo kwa ine ndi pamene masewerowa amakomera zedi. Kale kuwombera kunali pakokha, munthu amaima phee nkumawombera mtima uli mmalo, koma kuyambira 2009 anaphatikiza kuwombera ndi kuthamanga, ndipo pofika ku London mu 2012 mfuti zinali za leza, zopanda zipolopolo. Ku Paris mu 2024 unali mtunda wa mamita 3000 woduladula ma 600, pakatipo kuima kanayi kuti uwombere. Tangoganizani, wangothamanga kumene mamita 600 ndi mphamvu zonse, chifuwa chikukwera nkutsika, thukuta lili mmaso, wafika pa tebulo watola mfuti ndi dzanja limodzi, chandamale chili pa mamita 10 ndipo kakuda koti ulaseko kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 6 okha. Uyenera kulasa kasanu, ukalasa nyali yobiriwira imayaka, ukaphonya yofiira, ndipo nthawi iliyonse mfutiyo uyenera kuitsitsa igunde tebulo usanawomberenso. Akatswiri enieni amamaliza zisanuzo masekondi 10 asanakwane. Wina amene dzanja layamba kunjenjemera amaima pompo anzake akumudutsa mmodzimmodzi, mpaka masekondi 50 atakwana ndi pamene amamulola kupitiriza, ndipo masekondi 50 pa mpikisano ngati uwu ndiye kuti zako zada.

Ndiye chimene othamangawa amaphunzira si liwiro lokha ayi. Amaphunzira kuchepetsa pang'ono liwiro akamayandikira powomberera, kutulutsa mpweya pa nthawi yake, komanso kusayang'ana nyali za mnzawo wapambali, chifukwa ukangoona kuti iye zayaka zinayi iwe ziwiri, chala chimathamanga chokha. Ine ndimaona kuti mamendulo ambiri amatayika pa kuwombera kwachinayi osati pa msewu.

Mantha a powomberawa si a lero. Ku Mexico City mu 1968 Hans-Gunnar Liljenwall wa ku Sweden anamwa mowa kuti mtima ukhale pansi asanawombere, anamuyeza nkumupeza nawo, nakhala munthu woyamba mu mbiri ya Olympics kuchotsedwa chifukwa cha zoletsedwa m'thupi, timu yake nkubweza mendulo ya bronze. Koma chinyengo chimene anthu amakambabe ndi cha ku Montreal mu 1976. Lupanga la fencing lotchedwa épée limakhala ndi waya wamagetsi, nsonga yake ikakanikiza thupi la mnzako nyali imayaka kusonyeza kuti wakhudza. Boris Onishchenko wa Soviet Union, munthu yemwe anali kale ndi mamendulo a Olympics ndipo fencing ankaitha bwino, anabisa kabatani m'chogwirira moti amatha kuyatsa nyali osakhudza munthu. A timu ya Britain anayamba kukayikira, ndipo pomenyana ndi Jim Fox wa timuyo nyali inayaka lupanga lili mmalere, Fox anapempha kuti alione, atalitsegula anapeza mawayawo. Anamuthamangitsa, ndipo a Britain omwewo ndi amene anatenga golide ya matimu. Mpikisano wa matimu umenewo unalipo kuyambira 1952 mpaka 1992, pano kulibe.

Masewerowa akhala akuwafupikitsa kuti asachotsedwe pa Olympics. Ankatenga masiku anayi kapena asanu, ku Atlanta mu 1996 anawapanikiza tsiku limodzi, ku Paris fainolo ya anthu 18 inatenga mphindi pafupifupi 90 pa bwalo limodzi ku Versailles, dziwe losambiramo analimanga pompo.

Tibwere kwa hatchi, chifukwa apa mpamene panavuta. Wopikisana sankabwera ndi hatchi yake, ankachita maere, ikakugwera ankakupatsa mphindi 20 zokha kuti mudziwane kenako mukalumphe limodzi mitengo yotalika kupitirira mita. Zili ngati akupatse galimoto yoti sunayendetsepo nkukuuza kuti lowa nayo mu mpikisano, kungoti galimoto iyi ili ndi maganizo akeake, imachita mantha, imatopa, ndipo imamva kudzera mmiyendo yako kuti wakwerayo mtima suli mmalo. Wokwera bwino amatha kuikhazika mtima pansi hatchi yovuta, zimenezo nzoona, koma tisanamizane, mwayi unalipo wambiri, munthu wokonzekera zaka zinayi amatha kutaya zonse chifukwa cha nyama imene yadzuka molakwika tsiku limenelo. Ku Tokyo mu 2021 zinaonekera poyera pa mpikisano wa amayi, Annika Schleu wa ku Germany ankatsogola, hatchi yake Saint Boy inakana, iye akulira nkumaikwapula, kochi wake Kim Raisner anaoneka pa kamera akuimenya ndi chibakera ndipo anamuchotsa pa masewerowo. Chaka chisanathe bungwe loyendetsa masewerowa la UIPM linalengeza kuti hatchi zichoka Paris ikatha, kwa amuna ndi amayi omwe. Othamanga ambiri anakwiya poti sanafunsidwe mokwanira, mmodzi wa iwo anali Joe Choong wa ku Britain amene anali atangotenga kumene golide ya amuna ku Tokyo.

Mpikisano wa Choong uja ndi chitsanzo chabwino cha zimene ndikunenazi. Iye anachita bwino fencing, kusambira komanso pa hatchi ndiye ananyamuka woyamba, pomwe Ahmed Elgendy wa ku Egypt anayambira kumbuyo ndithu, koma anawombera mwachangu nkumadutsa anthu mpaka pa raundi yomaliza anali phewa ndi phewa ndi Choong. Choong anatulutsa mphamvu zotsala nkumusiya, mapointi 1482 kwa 1477, ndiye kuti masekondi 5 okha pa zinthu zisanu. Jun Woong-tae wa ku South Korea anali wachitatu. Siliva ya Elgendy inali mendulo yoyamba ya Africa pa masewerowa ku Olympics, ndipo patatha zaka zitatu, pa 10 August 2024 ku Versailles, mnyamata yemweyo sanadikirenso zothamangitsa anthu kumapeto, ananyamuka ali patsogolo nkumaliza ali patsogolo ndi mapointi 1555, rekodi ya dziko lonse, Taishu Sato wa ku Japan 1542 ndipo bronze inapita kwa Giorgio Malan wa ku Italy. Mpikisano wa amuna wokhala ndi hatchi unathera pamenepo.

Ku Los Angeles mu 2028 mmalo mwa hatchi kudzakhala njira ya zopinga, mamita 70 okhala ndi zopinga 8, kulendewera pa mphete, kudumpha, kukwera khoma. Ine mbali ina ndikugwirizana nazo, hatchi ndi yodula kuisamala ndipo maiko ambiri analibe pophunzirira, pomwe zitsulo zolendewerapo mutha kuzimanga paliponse, ndiye khomo latseguka kwa ambiri. Mbali ina ndikuona kuti chachoka ndi gawo lokhalo limene munthu amayenera kumvana ndi chamoyo china. Kwa makochi ntchito yasintha kale, chifukwa zopingazi zimadya mphamvu za zala, mikono ndi mapewa, zomwezonso zimene munthu akufuna posambira ndi pogwira mfuti osanjenjemera, ndiye wothamanga wolemera thupi amene hatchi inkamunyamula bwinobwino tsopano ayenera kudzinyamula yekha ndi manja.