Madzi a m'nyanja akabiriwira ngati penti, musamwe ngakhale mutawiritsa

Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, mphepo ikaleka kuomba, madzi a m'nyanja zosazama ndi m'madamu nthawi zina amachita ndere yobiriwira yoyandama pamwamba, ngati wina wathiramo penti. Ambiri timangoikankha ndi dzanja n'kutunga. Ndere imeneyi kawirikawiri imakhala mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni.

N'chifukwa chiyani imakonda nyanja zosazama?

Taganizani za nyanja ya Chilwa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, malo ambiri sapitirira mamita 2 kapena 3 kuzama, ndipo inaphwerapo mu 1968 ndi mu 1995. Mphepo ikaomba imavundula matope a pansi, madzi n'kuda, kuwala kwa dzuwa n'kulephera kufika pansi. Zomera za pansi pa madzi zimafa chifukwa chosowa kuwala. Koma mabakiteriya amenewa mdima wotere sawavuta kwenikweni: ali ndi utoto wa buluu m'thupi mwawo umene umagwira kuwala kumene ndere zina sizitha kugwiritsa ntchito bwino, ndipo ambiri ali ndi timatumba ta mpweya towayandamitsa. Akakwera pamwamba amatchinga dzuwa, zonse za pansi n'kukhala mumthunzi, iwo n'kumachulukirachulukira. Chakudya chawo timawapatsa ndi ife tomwe: feteleza wokokoloka m'minda ya m'mbali mwa mitsinje, ndowe za ziweto ndi chimbudzi. Nyanja ya Malombe nayo ndi yosazama. Abale athu okhala ku Joni mwina anaona damu la Hartbeespoort litabiriwira motere.

Poizoni wodziwika kwambiri ndi microcystin, amene amawononga chiwindi. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa tsiku ndi tsiku poizoniyu asapitirire microgram 1 (kagawo kamodzi ka galamu ikagawidwa m'magawo miliyoni imodzi) pa lita. Mu 1996 ku Caruaru m'dziko la Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira atasefedwa magazi ndi madzi okhala ndi poizoniyu. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la dzikolo linati zinamwa madzi a ndere yotere.

Apa ndiye pofunika kumvetsa. Tinazolowera uthenga wa kolera woti tiwiritse madzi kapena kuthira klorini, ndipo uthengawo ndi woona pa kolera. Pa ndereyi ayi. Kuwiritsa kumapha bakiteriya koma poizoni amatsala momwemo. Klorini wa panyumba musamudalirenso, kusefa pansalu chimodzimodzi. Ndiponso ndi maso simungasiyanitse ndere ya poizoni ndi yopanda poizoni, choncho yonse itengeni ngati yoopsa.

Madzi akabiriwira, akachita thovu kapena kununkha, tungani pamjigo kapena pachitsime chotetezedwa, ngakhale patalikire. Asodzi ogona m'zimbowera (tizisakasa toyandama panyanja), nyamulani zigubu za madzi kuchokera kumtunda. Ana asasambiremo, chifukwa amameza madzi posewera ndipo thupi lawo ndi laling'ono. Ng'ombe, mbuzi ndi agalu azimwera kwina. Galu amadwalanso pongonyambita ubweya wake wonyowa. Samalani kwambiri gombe limene mphepo ikuombera, poti ndi kumene ndereyo imaunjikana. Nsomba zazikulu monga mlamba ndi makumba, chotsani matumbo ndi chiwindi, mutsuke ndi madzi abwino. Matemba ndi ovutirapo popeza timadya athunthu, nde ogwidwa pakati pa ndereyo ndi bwino kuwasiya. Nsomba zofa zokha musatole.

Ngati mwakhudza madziwo, sambani ndi sopo msanga. Zizindikiro zake ndi kuyabwa kwa khungu, zidzolo, maso kufiira, mutu, nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa thanzi ORS wosungunula m'madzi abwino ali paulendo wa kuchipatala, chifukwa itha kukhalanso kolera. Maso akachita chikasu, milomo ikachita dzanzi kapena munthu akamabanika, musadikire kuti kuche. Mankhwala opha poizoniyu palibe, achipatala amathandiza thupi kulimba mpaka poizoniyo atatuluka, choncho auzeni malo ndi tsiku limene munamwa kapena kusamba. Dziwitsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi amfumu kuti achenjeze ena otunga pagombe lomwelo.